Yankho kwa mayi ofunsa za ukochi wa oponya ku America

Mayi, mwati mwana wanu amaponya shot put (chitsulo cholemera chonga mpira) pa koleji ku America, ndipo akamaliza akufuna kukhala kochi wa oponya, ndiye mukufunsa ngati ntchitoyo ndi yodalirika. Ine ndikuti mumulole, koma mumuuziretu kuti imadya zaka munthu asanadziwike.

Ambiri amayamba mongodzipereka, kapena amathandizira kochi uku akuchita digiri yachiwiri, ndalama zake zongokwana lendi ndi chakudya. Ngakhale akalembedwa ntchito, kawirikawiri amakhalabe pansi pa kochi wamkulu wa timu yonse. Kochi wa oponyayo amapatsidwa shot put, discus (chimbale choponya), hammer (chitsulo chomangidwa ku waya) ndi nthungo, anyamata ndi atsikana omwe, kuphatikizapo kuyendayenda m'masekondale kusaka ana aluso.

Pamene pamaonekera kochi weniweni ndi pa ana a chaka choyamba. Mnyamata wa ku sekondale ya ku America anazolowera chitsulo cha makilogalamu 5.44, akangofika ku koleji amamupatsa cha 7.26. Mtunda umatsika, mwana yemwe kwawo ankamuombera m'manja amayamba kukayika, ena mpaka amafuna kusiya. Kochi amaima pambali pa kabwalo koponyerako, ka mamita 2.135, foni ili m'manja akujambula, kenako amamuitana n'kumuonetsa pamene phazi lachedwa kutera kapena pamene phewa latseguka msanga. Mawa zomwezo, mkuja zomwezo. Zimandikhudza kuti pa tsiku la mpikisano anthu amadzaza kukaonera othamanga, pamene ntchito yonseyi ikuchitikira kumbali kwa bwalo.

Taonani Don Babbitt, kochi wa oponya. Anafika ku University of Georgia mu 1996. Reese Hoffa, woponya shot put, anaphunzira pasukulupo, ndipo atamaliza anapitirizabe kuphunzitsidwa ndi Babbitt. Ukatswiri wa dziko lonse lapansi Hoffa anautenga mu 2007 ku Osaka, mendulo ya Olimpiki n'kudzaipeza mu 2012 ku London. Werengani zakazo, mayi, kuchokera 1996.

Mwana wanu ayambe panopa, asadikire kumaliza. Apemphe kochi wake kuti azithandizira ana atsopano, achite kosi ya ukochi ya Level 1 ya USATF (bungwe loyang'anira masewera othamanga ndi oponya ku America), ndipo aphunzire hammer ndi nthungo ngakhale iye sakuziponya, chifukwa koleji imafuna munthu mmodzi woti agwire zonse zinayi.