Funsani Azakhali: Chiliza cha madala chatiyambanitsa

Azakhali, ndine wachiwiri m'banja la ana 5, timakhala ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu. Bambo athu anatisiya chaka chatha ndipo tikufuna tivundukule chiliza mvula isanayambe koma nkhani yake yavuta. Madala anali kalipentala, kungoti anthu amawadziwira za chitukuko, komiti ya sukulu iwo, kiyosiki ya madzi iwo, maliro akagwa mudera bokosi amakhoma ndi iwo nthawi zina pangongole yomwe mpaka lero sinabwezedwe. Achimwene a ku Johannesburg akufuna mwala wakuda wonyezimira uja wokhala ndi chithunzi, abambo aang'ono akuti tigulitse poloti ya ku Luwinga kuti mwambo ukhale wa mphamvu, mayi angoti chete. Ine andipatsa zowerenga mbiri poti pamaliro paja inangomveka ngati fomu ya ku ofesi, anabadwa, anakwatira, asiya ana 5 ndi zidzukulu 7, basi. Ndiyambire pati?
Mwana wachiwiri, Chibavi

Pepa mwanangu. Ndiyamba ndi poloti chifukwa ndi pomwe mtima wanga wadumpha. Musagulitse. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ndiye abambo aang'onowo maganizo atha kupereka koma chomaliza si chawo. Mwina akunena ndi mtima wabwino, sindikuwaweruza ayi, koma ndaonapo anthu ataphika mpunga ndi nkhuku tsiku limodzi, tenti, ma spika, chaka chinacho mayi akusowa ya fizi ya mwana womaliza. Usakawayankhe wekha, tuma munthu wamkulu yemwe amamumvera.

Koma chomwe chandigwira kwambiri mu kalata yako ndi mawu atatu aja, mayi angoti chete. Chete ameneyo usamutenge ngati avomera. Mkazi wa munthu wa zachitukuko amakhala walipira zambiri zomwe anthu sanazione, ndi iwo amadzuka 5 koloko m'chifunga cha Mzuzu muno kutsegulira anthu obwera ndi milandu, ndi iwo amafunditsa nsima mpaka kuuma kudikira munthu ali kumiting'i, ndipo matabwa omwe anapita ku mabokosi aja inali ndalama ya ndiwo zawo. Ndiye siya kaye gulupu ya WhatsApp ya banja ija, kumeneko amalankhula ndi omwe ali ndi bando. Pita wekha m'mawa, khala nawo pambaula, tiyi ali m'manja, uwafunse kuti amayi, bambo akanakhalapo akanati chiyani pa zonsezi? Ukawafunsenso chomwe chinkawakwiyitsa mwa bambo. Akayamba kuseka kapena kulira usawadule, mbiri yako yayambira pomwepo.

Ukachoka apo tenga foni uzijambula mawu, upite kwa azimayi a pakiyosiki, kwa adzukulu okumba manda, kwa anyamata omwe anaphunzira kupala thabwa pashedi pawo. Osafunsa kuti anali munthu wotani, aliyense adzati anali wabwino, ngakhale yemwe anakangana naye dzulo lake. Funsa za tsiku. Mwachitsanzo Epulo 2016 mvula ija itagwa masiku otsatizana nyumba n'kumagwa ku Masasa ndi madera ena, iwo anali kuti, anatani? Munthu wa nyundo ngati ameneyo sindikukhulupirira kuti anangokhala m'nyumba. Nkhani zitatu zokwana, ziwiri za kunja imodzi ya pakhomo, kaya ndi momwe amakukwezerani panjinga kupita kusukulu kuli chisanu cha Juni, kaya kampando komwe anakhomera mdzukulu. Ikamonso kachilema kamodzi, ngati anali wamakani nena kuti anali wamakani, anthu akaseka pamanda amakhala amuona munthu wawo. Dzina la mayi limveke ali moyo, osati kungoti asiya mkazi. Ndipo poti aneba ambiri ndi a Chitumbuka, ndime imodzi ipite m'Chitumbuka, ngati chako n'chothyokathyoka pempha wina, olo yewo yekha womaliza umunene bwino.

Za maikolofoni chenjera, munthu wa zachitukuko akamwalira amasanduka membala wa chipani chilichonse. Pulogalamu ilembedwe kale, a mpingo, a buloko lida, wa komiti mmodzi, iweyo. Wina akabwera ndi galimoto ndi envelopu mulandireni, akhale pampando ayale nkhata.

Achimwene ako a ku Joni usalimbane nawo kwambiri. Nthawi zambiri amene ali kutali amafuna mwala waukulu chifukwa sanadwazike nawo, mwina anafika anthu atabwerako kumanda, ndiye mwalawo ndi kulira kwawo. Ngati ndalama ndi zawo ndipo mayi avomera, asiye agule. Ngati akuti musonkhe nonse, auze bajeti yeniyeni, cha simenti chomangidwa bwino ndi mmisiri wodziwa chimakhalanso zaka, chenjiyo mukakonzere madesiki othyoka kusukulu komwe madala anali mukomiti, anyamata awo aja agwire ntchitoyo.

Watchula ngongole za mabokosi. Ndikudziwa pali kope penapake, akalipentala salephera, mwina lili m'bokosi la zida pansi pa sowo. Ukalipeza osawerenga mayina pagulu, osalijambula n'kuponya pa Facebook. Kawapatse mayi, kaya alisunga kaya akolezera mbaula, zimenezo ndi zawo.
Azakhali