Tingasunge bwanji umodzi kutali ndi kwathu?

Funso: Akonzi, ndife mabanja ochokera ku Nsanje okhala ku Chinamwali ndi ku Matawale kuno ku Zomba. Timangoonana pamaliro, ndipo ana athu Chisena chikuwathawa. Ndinamva kuti Ajava a ku Indonesia sataya chikhalidwe chawo akasamuka. Amatani? Mayi wa ku Chinamwali

Yankho: Mayi, mwamva zoona. Pakati pa 1890 ndi 1939 Adatchi anatenga Ajava pafupifupi 33,000 kukagwira ntchito m'minda ya ku Suriname, dziko la ku South America. Ambiri sanabwerere, koma zidzukulu zawo zikuimbabe gamelan, nyimbo za zida zamkuwa.

Chimene chinawamanga pamodzi ndi kubwezerana thandizo. Kukakhala ukwati kapena mwambo wina, anansi amafika kutatsala masiku angapo kudzathandiza kuphika, ntchito yomwe amaitcha rewang. Wozemba amadziwa kuti tsiku lake adzasenda yekha anyezi. Pamaliro sabalalika akaika: amadyeranso pamodzi, slametan, pa tsiku la 3, la 7, la 40, la 100 mpaka la 1,000.

Inu yambani ndi arisan, chipereganyu chawo. Mabanja 12 akamasonkha K10,000 pamwezi, K120,000 imapita kwa mmodzi mwa mayere, ndipo nthawi zambiri wolandirayo ndiye amalandira alendo pamsonkhano wotsatira. Ndalama zizibwera pamanja tsiku lamsonkhano, chifukwa mukalola zotumiza pafoni anthu adzasiya kubwera. Vuto lodziwika ndi la olandira koyambirira amene amayamba kuzengereza, choncho mlembi akhale ndi kope, watsopano aikidwe kumapeto, ndipo thumba la maliro lisasakanizidwe ndi chipereganyu.

Samalani ndi zachipembedzo. Ku Suriname Asilamu achijava anagawanika: ena ankapemphera moyang'ana kumadzulo monga ku Java, ena kummawa kumene kuli Mecca kuchokera kumeneko. Choncho pamisonkhano yanu, pemphero lizisinthana mipingo.

Pachilankhulo pokha musawatsanzire. Ngoko, Chijava cha tsiku ndi tsiku, chinapulumukako, koma krama, chaulemu cholankhula ndi akulu, chinafooka kwambiri, ndipo achinyamata ambiri amalankhula Chidatchi ndi Sranan Tongo, chilankhulo cha komweko ku Suriname. Popita kumsonkhano, ana musawasiye kunyumba. Azipereka moni ndi kutumikira akulu m'Chisena, ndipo theka la ola lomaliza la msonkhano uliwonse agogo mmodzi aziwaphunzitsa nyimbo za utse kapena valimba.