Shopu ya sola kumudzi? Yambani mwaona dimba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti wasungako kangachepe, ndiye akufunsa ngati angapindule atatsegula shopu yogulitsa mapanelo a sola kwawo ku Mchinji.

Achimwene, msika ulipo, musakayike. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa mabanja 100 aliwonse, pafupifupi 11 okha ndiwo ankaunikira magetsi. Omwe ali nawowo akudalira kwambiri mtsinje umodzi, Shire, komwe kuli malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kwake mukukumbukira. Za malo akuluakulu opangira magetsi a sola ngati a kampani ya JCM ku Salima, a mamegawati 60, tisatayepo nthawi. Zimenezo n'za anthu a madola ochuluka.

Koma shopuyo ndikukanizani. Mapanelo akugulitsidwa paliponse, ngakhale m'shopu ya misomali ndi malata. Katunduyu amaodedwa ndi madola pomwe inu muzigulitsa mu makwacha, ndipo mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti kamodzin'kamodzi. Amene anali atakongoza anthu katundu analira. Komanso makampani ngati Yellow ndi Zuwa Energy akupereka kale sola yolipira pang'onopang'ono kudzera pa foni. Mungapikisane nawo?

Chosowa ndi munthu wodziwa kuika ndi kukonza. Azakhali anga anagula panelo pamsika wina, mnyamata wapamudzi n'kuilumikiza ku batire ya galimoto popanda kontorola, kachipangizo koteteza batire kuti isadzaze mopyola. Miyezi ingapo batire inafa, itatupa m'mbali. Wogulitsa uja anati si vuto lake, ndipo m'dera lonse munalibe woti n'kuyeza pomwe palakwika. Lero panelo ija ikutseka khomo la khola la nkhuku! Pitani mukaphunzire pa koleji yovomerezeka ndi TEVETA, mutenge chiphaso ku MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, mugule mita yoyezera magetsi ndi njinga yamoto. Sukulu, matchalitchi ndi magolosale okhala ndi sola yakufa ndiwo adzakhale makasitomala anu oyamba.

Ndalama zotsalazo, ine ndikanakhala inu, ndikanagula pampu ya sola. Mlimi wa kudimba sasamala za mawati. Iye akufuna madzi afike pa tomato ndi anyezi wake mu Seputembala popanda kuthyoka msana ndi keni kapena kusaka petulo wa injini. Pampu imodzi ikhoza kuzungulira madimba angapo, aliyense n'kumalipira pa tsiku, kapena akakolola ngati mumakhulupirirana. Dzuwa la nthawi imeneyo ndi loswa mtengo, ndiye pampu imagwira bwino pomwe madzi akufunika kwambiri. Kungoti madzulo muzichotsa mapanelo n'kukasunga m'nyumba, akuba nawo amadziwa mtengo wake.

Poti ndinu a ku Mchinji, kaoneninso ku Sitolo, komwe kuli magetsi a sola ogawidwa m'mudzi, mufunse eni mabizinesi zomwe amachita nawo.

Chinthu chimodzi chokha: musatumize ndalamazo kwa mlamu kuti ayambe inu muli ku Joni. Bwerani nokha mu Julayi kapena Ogasiti, muyende m'dambo la kwanu m'mamawa, muwerenge anthu amene akuthirira ndi keni. Mukapeza nambala, mundilembenso.