Mphwanga wokonda anime, ku Japan ukalowe ngati mlendo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa zaka 21. Mlongo wake akuphunzira ku Osaka ndipo wamuitana kuti akacheze naye milungu iwiri mu Novembala. Akuti wakula akuonera anime, makatuni a ku Japan, pa foni kuyambira ali Fomu 1. Funso lake linali lakuti: "Ndalama zanga n'zochepa. Kodi ndikazithere ku Akihabara, dera la masitolo a anime ku Tokyo, kapena ndikaone Japan yeniyeni? Amalume akuti kuwoloka nyanja chifukwa cha makatuni n'chibwana. Nanga Chijapanizi chomwe ndatola mu anime chikandithandiza?"

Mphwanga, za amalume zisakuwawe mtima. Kwathu kuno chojambula chilichonse choyenda pa TV timati n'cha ana, ndiye iwo akulankhula zomwe akudziwa. Koma ku Japan ukaona bambo wa imvi atavala suti akuwerenga manga, mabuku a nkhani za zithunzi, m'sitima popita ku ntchito. Anime si chigamba chosokerera pa chikhalidwe chawo, inamera momwemo. Kachisi wa Kozan-ji, kumapiri a kumpoto chakumadzulo kwa Kyoto, ndiye mwini wake wa mipukutu ya zithunzi yotchedwa Choju-giga, yojambulidwa zaka pafupifupi 800 zapitazo. Mmenemo akalulu, achule ndi anyani akulimbana, akusambira, akuchita zonse za anthu. Ukaona kalulu wa mmenemo ukakumbukira wa m'nthano za agogo. M'zaka za m'ma 1930 kunali abambo oyenda pa njinga m'makwalala a Tokyo, akugulitsa masiwiti kwinaku akusimbira ana nkhani ndi zithunzi zosinthasintha m'kabokosi ka matabwa, ankati kamishibai. Kenako kunabwera Osamu Tezuka, yemwe katuni yake ya Astro Boy inayamba kuonetsedwa pa TV pa 1 Januwale 1963, n'kutsegula njira ya anime ya sabata ndi sabata yomwe iwe wakulira. Ndiye ukamati "Akihabara kapena Japan yeniyeni", ukugawa chinthu chimodzi pawiri.

Za ndalama ndikuuze mosabisa: Tokyo si yokakamiza. Sitima ya Shinkansen kuchoka ku Shin-Osaka kukafika ku Tokyo imatenga maola awiri ndi theka, koma ulendo umodzi wokha ndi ma yen oposa 13,000. Tikiti ya Japan Rail Pass ya masiku 7, yomwe mlendo amakwerera sitima zambiri mopanda malire, inakwera kufika pa ma yen 50,000 mu Okutobala 2023, ndipo kwa munthu amene ali ndi pogona ku Osaka n'kutaya ndalama. Osaka ili ndi Akihabara yakeyake, dera la Nipponbashi lomwe amati Den Den Town. Masitolo a manga, zidole, magemu ndi makadi ali mbwee, ndipo zakaunjika zake zimakhala zosamalika ngati zatsopano. Ku Takarazuka, mphindi pafupifupi 35 pa sitima ya Hankyu kuchokera ku Umeda mu Osaka, kuli nyumba yosungirako ntchito za Tezuka yomwe inatsegulidwa mu 1994, m'tauni yomwe iye anakulira. Ku Kyoto kuli Kyoto International Manga Museum, yomwe ili m'nyumba ya sukulu yakale ya pulaimale kuyambira mu 2006. Umatenga buku pa shelefu n'kukakhala pa kapinga kumawerenga mpaka dzuwa kupendeka. Ngati mtima ukakamirabe Tokyo, kwera basi ya usiku, ndipo dziwa kuti matikiti a Ghibli Museum ku Mitaka, nyumba yoonetsera ntchito za kampani ya anime ya Studio Ghibli, sagulitsa pakhomo, a Novembala amayamba kugulitsidwa pa 10 Okutobala.

Tsopano za chilankhulo, pomwe ndikufuna utchere khutu. Ine ndikukutchula kuti iwe chifukwa ndiwe mphwanga. Koma tayerekeza mzungu waphunzira Chichewa pomvera anyamata oitanira minibasi akukangana pa depoti, ndiye wafika pakhomo pa apongozi a mlongo wako n'kunena kuti "iwe mdala, tapatseni madzi". Umu ndi mmene Chijapanizi cha anime zambiri za ndewu chimamvekera m'makutu mwa eni ake. Mawu ngati omae, temee ndi kisama, omwe ngwazi zako zimakuwa, onse amatanthauza "iwe", koma awiri omalizawo ndi oputa ndewu. Asiye pa bwalo la ndege. Mwayi wako ndi woti ndiwe Mmalawi: kusiyana kwa "iwe" ndi "inu" unayamwira, pomwe anzathu olankhula Chingerezi amavutika nako. Ziganizo zako zizithera ndi desu ndi masu. Dzina la munthu uziphatikiza san kumapeto monga ife timaikira "a" kutsogolo, koma pa dzina lako usaike. Sumimasen ndi mawu omwe akakugwirire ntchito kuposa onse: ndi "pepani", ndi "zikomo ndidutse nawo", ndi poitanira woperekera chakudya. Arigato gozaimasu pothokoza, itadakimasu usanadye, gochisosama deshita ukamaliza. Chomwe anime yakupatsa ndi khutu, ndipo si chochepa. Ukamva mawu omwe alendo ena akungowamva ngati phokoso.

Pali mwambo wina wa okonda anime womwe amati seichi junrei, kutanthauza ulendo wa ku malo opatulika. Ojambula ambiri amatengera misewu, masitepe, masiteshoni ndi akachisi enieni, ndiye anthu amapita kukaima pomwe panaima munthu wa m'nkhani. Ndi chinthu chokoma, ndipo chimakufikitsa m'timatauni tomwe mlendo wamba sakanapondamo. Koma pano ndi pomwe mtima wanga umawawa. Ku Kamakura kuli malo owolokera njanji pafupi ndi sukulu ya sekondale, omwe anatchuka chifukwa cha anime ina ya basketball. Alendo amadzaza msewu ndi makamera mpaka akuluakulu a mzindawo anaikapo alonda. Ku Gion, ku Kyoto, eni dera anatseka tinjira tina kwa alendo mu 2024 atatopa ndi anthu othamangitsa ma geiko, amayi osangalatsa alendo ndi magule ndi nyimbo zachikhalidwe, ndi ophunzira awo omwe amati maiko, kuti awajambule, ena mpaka kuwakoka zovala. Amayi amenewo amakhala akupita ku ntchito. Ganizira mlendo atafika m'mudzi mwanu n'kuloza kamera mayi ako akusinja, osapereka ndi moni yemwe, poti anaona mtondo mu filimu. Malo omwe iwe ukawaone ngati a m'nkhani ndi pakhomo pa munthu. Imirira pambali, jambula msanga, usajambule ana a sukulu, ndipo gulako kanthu pa sitolo ya pafupi.

Chimodzimodzi zovala za cosplay, zodzifanizira ndi anthu a mu anime. Ngakhale ku Comiket, msika waukulu wa okonda manga womwe unayamba mu 1975 ndipo umachitika mu Ogasiti ndi Disembala ku Tokyo Big Sight, anthu amanyamula zovalazo m'chikwama n'kukavalira komweko. M'sitima sakwera nazo.

Tsiku limodzi ulipereke kwa kachisi wa Fushimi Inari ku Kyoto, ndipo ulawire, dzuwa lisanakwere. Zipata zofiira zikwizikwi zomwe waziona kambirimbiri pa foni zimakwera phiri lonse, ndipo nkhandwe za miyala zomwe zili paliponse amati ndi amithenga a Inari, mulungu wa mpunga. Ukadziwa zimenezi, nkhandwe zonse za mu anime zimayamba kumveka mwina. Pomwe pali chipata cha torii ndi pa jinja, malo a Chishinto. Pomwe pali zofukiza ndi chifanizo cha Buddha ndi pa tera. Pa jinja anthu amatsuka m'manja polowa, amawerama kawiri, kuomba m'manja kawiri, n'kuweramanso kamodzi. Ngati chikhulupiriro chako sichikulola, palibe akakukakamize. Ima mwaulemu, uonerere. Poti ukupita mu Novembala, cha pa 15 ukaona ana a zaka 3, 5 ndi 7 atavekedwa kimono, makolo akupita nawo kukawapempherera. Amati Shichi-Go-San. Masamba a mitengo amakhala akufiira nthawi imeneyo, ndipo kumazizira, choncho jekete usaiwale.

Zina ukaphunzira poona. Nsapato zimavulidwa pakhomo, ndiye masokosi akhale osabooka. M'sitima salankhula pa foni. Timitengo todyera usatizike choimirira m'mbale ya mpunga, chifukwa amatero pa maliro. Kumalo odyera sasiya ndalama yapamwamba. Mabini a zinyalala ndi osowa m'misewu, yenda ndi kajumbo. Kubafa ya gulu, sento kapena onsen, umasamba kaye ndi sopo pambali usanalowe m'dziwe. Pomwe wakayika, funsa mlongo wako, paja safunsa anadya phula.

Chomwe anime sinakuuze ndi choti ukakhala munthu wakuda pakati pa anthu omwe ena mwa iwo sanayandikanepo ndi Mwafirika. Ine nditapitako, kangapo mpando wa pambali panga m'sitima unkakhala wopanda munthu ena ali chiimirire, ndipo zinkandipweteka. Tsiku lina apolisi anandiimitsa kufuna kuona pasipoti. Lamulo limati mlendo aziyenda nayo nthawi zonse, ndiye isachoke m'thumba. Koma m'dziko lomwelo gogo wina anasiya ulendo wake n'kundiperekeza mpaka pa siteshoni yomwe ndinkasaka, ndipo bambo wina atamva kuti ndine wa ku Malawi anandilonjera kuti "Muli bwanji?" Anakhalako kuno ali mnyamata, mwa anthu ongodzipereka omwe Japan yakhala ikutumiza kuyambira mu 1971.

Visa ukafunsire ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe nthawi ikadalipo, ndi kalata yokuitana yochokera kwa mlongo wako. Ndipo usapite chimanjamanja. Kumeneko mphatso ya apaulendo amati omiyage, ndipo amaitenga mozama. Nyamula tiyi wa ku Thyolo, khofi wa ku Mzuzu ndi zitenje ziwiri zitatu za anthu omwe akhala akusamala mlongo wako. Nyama ndi zipatso zaziwisi usanyamule, amalanda pa bwalo la ndege. Uzikulunge bwino, ndipo popereka upereke ndi manja awiri monga anakuphunzitsira amayi.