Funsani Tikuyankheni: Mimbulu yaikulu ngati hatchi ingakhale pamwamba pa phiri?

FUNSO: Akonzi, ine ndikulemba nkhani yopeka ya dziko langalanga lomwe pa mapu palibe, muli mafumu, nkhondo komanso mapiri ataliatali odzadza sinowo. M'mapirimo ndaikamo mimbulu yaikulu ngati hatchi yomwe asilikali amakwera. Mnzanga atawerenga wangoti zimenezi ndi zosamveka, ati chinyama chotero sichingakhale paphiri. Ndiye ndithandizeni, izidya chani ndipo izikhala bwanji kuti owerenga asandiseke? Ndine wowerenga wanu, wolemba wongoyamba kumene.

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo musamukwiyire, penapake akunena zoona. M'nkhani yopeka mutha kuikamo chilichonse koma mukangoipatsa nyama mimba basi mwalowa ngongole, muyenera kuidyetsa.

Tiyambe ndi kukulako. Mimbulu yaikulu ya masiku ano ili ku Alaska ndi Canada ndipo yamphongo kawirikawiri imalemera makilo 40 mpaka 60. Kalekale ku America kunali mtundu wina wotchedwa Aenocyon dirus, uwu unkafika makilo 60 mpaka 70, wansagwada zamphamvu kwambiri, moti pamalo ena a phula otchedwa La Brea ku Los Angeles akatswiri anafukulapo mafupa a mimbulu imeneyi yoposa 4,000. Inkadya mahatchi akutchire ndi njati za kumeneko, ndipo inatha zaka zoposa 10,000 zapitazo nthawi yomwenso zinyama zikuluzikulu zambiri zimatha. Wanuyo ngati ali ngati hatchi ndiye kuti tikukamba makilo 400 kapena kuposa, mwaona kusiyanako eti?

Kuzizira kokha kukukuthandizani. Mu 1847 katswiri wina wa ku Germany, Carl Bergmann, anaona kuti nyama za kumalo ozizira zimakonda kukhala zazikulu kuposa abale awo a kotentha chifukwa thupi lalikulu silitaya kutentha msanga. Vuto ndi phirilo. Pamwamba penipeni msipu ndi wochepa ndiye nyama zodya msipu nazonso n'zochepa, taonani mmbulu wa ku Ethiopia womwe umakhala m'mapiri a Bale ndi Simien pamwamba kuposa mamita 3,000, uwu ndiye wam'phiri weniweni koma sufika n'komwe makilo 20, ndi wowonda, wofiirira, wamphuno yaitali, ndipo umatha tsiku ukuyenda wokha n'kumadikirira mbewa ndi mfuko pa una. Chimmbulu chanucho mbewa sizingachithandize, mphamvu yothamangitsira ingapose yomwe chapeza.

Ndiye musanalembe za mmbulu, lembani kaye za chakudya chake. Ikani m'zigwa za pakati pa mapiriwo magulu a nyama zikuluzikulu zaubweya, kaya njati zanuzanu zopeka, ndipo mimbuluyo ikhale yochepa kwambiri, banja limodzi likhale ndi mapiri angapo lokha. Mukalemba kuti mimbulu 200 yotere inatsika phiri limodzi, ine ndemwe ndiyamba kuseka.

Maonekedwenso asinthe. Chinthu mukachikulitsa kawiri mbali zonse kulemera kwake kumachuluka ka 8 pomwe mphamvu ya fupa imangochuluka ka 4, choncho miyendo yowonda ija singakwanitse. Mupatseni miyendo yonenepa, mapazi otambalala oti asamatitimire mu sinowo, makutu aafupi, chifuwa chachikulu poti kumwambako mpweya ndi wopepuka. Azidalira kubisalira ndi kukankhira nyama kuphompho osati kuthamanga mtunda wautali.

Za banja tengani zenizeni, n'zokoma kale. Gulu la mimbulu nthawi zambiri ndi bambo, mayi ndi ana awo a zaka zosiyanasiyana. Bere limatenga masiku pafupifupi 63, ana amabadwira kuuna ali osaona, ndipo akakulako amanyambita pakamwa pa akuluakulu obwera kosaka mpaka iwo kubzikula nyama n'kuwapatsa. Kwa yanuyo ine ndingachepetse ana akhale awiri kapena mmodzi, akulenso mochedwa, kuti mlenje akapha mmodzi zikhale nkhani yaikulu m'dzikomo.

Zokwerazo ndiye sindikugwirizana nazo kwenikweni. Msana wa mmbulu umapindika n'kutambasuka pothamanga, msilikali wovala zitsulo pamenepo angakhale akungogwa. Bola izikoka katundu pa sinowo kapena kumenya nkhondo pambali pa mwini wake, komanso muganize kuti mfumu yoweta mimbulu 10 yotere ikupha ng'ombe zingati pa sabata ndipo ng'ombezo ikulanda kwa ndani. Dzinja la sinowo likafika nyama zam'phiri zimatsikira kumunsi, mimbulu yakutchire nayo iyenera kutsatira, ndipo kumunsiko n'komwe kuli makola a anthu. Mutu wanu wachiwiri uyambire pamenepo, mutitumizire tiwerenge.