Injini sindinavutike nayo, mabuleki ndi amene anatsala pang'ono kutimaliza

Achimwene, ndangowerenga post yanuyi thupi lonse kuchita tsemwe. Zoti muchotse injini ndi mabuleki mu Corolla yogundidwayo muike mu inayo pakhomo pompo ndinazipangapo ine, ndipo mpaka lero mayi a kunyumba akangomva mawu oti caliper, chitsulo chija chofinya ma pad pa disc ukaponda buleki, amandiyang'ana ndi diso lija.

Ine ndinali ndi Corolla ya AE100, ya injini ya 5A-FE ija ya 1.5, bodi yabwinobwino koma injini itatopa, oyilo imamwa ngati madzi, kumbuyo utsi wa buluu osasiya. Ndiye ndinapeza Corolla ya AE101 yoti inagundidwa kumbuyo, buti yonse kulowa mkati koma kutsogolo osakhudzidwa, injini 4A-FE ya 1.6 ikulira bwinobwino. Poti injini zonse ziwiri ndi za banja limodzi la A, ma mounting anakhalapo popanda kuwotcherera chilichonse, giyabokosi yanga inamangika bwino. Chokhacho yogundidwayo inali automatic yanga manual, ndiye tinachotsa flexplate, mbale yolumikiza injini ku giyabokosi ya automatic, n'kuikapo flywheel ya injini yakale, yomwe imagwira ntchito imeneyo pa manual, ndipo apa musalakwitse, mabawuti a flywheel ndi ataliko kuposa a flexplate, gwiritsani a flywheel omwewo. Tinatenganso ECU, kompyuta yoyendetsa injini, ndi mawaya ake onse, kenako galimoto kukana kulira masiku awiri, kiyi kupotokola ziii, tinasintha batire, tinamenya sitata ndi sipanala, osadziwa kuti mawaya a automatic amadikira switch ija yoonetsa kuti giya ili pa P kapena N, ndipo pa manual switch imeneyo palibe. Titalumikiza mawaya awiriwo inalira kamodzinkamodzi. Za injini zinathera pomwepo, mpaka pano ikuyenda.

Tsono mabuleki. Ma caliper anga anali atagwira dzimbiri, limodzi pisitoni osabwerera, pomwe a inayo anali abwino, ma disc osadyeka, ndiye ndinati tisamutse zonse pamodzi ndi master cylinder, pampu ija imene pedulo imakankha potumiza fluid ku matayala. Apa ndi pomwe ndinaitana munthu uja. Dzina sinditchula, koma amadzitcha makaniko, anabwera ndi chikwama cha masipanala ndi pakamwa pambiri, akuti ma Toyota ndimamanga nditatsinzina. Ndipo anamangadi atatsinzina. Ine ndinali bize ndi radiyeta, iye anachotsa ma caliper onse awiri n'kuwaponya mu beseni imodzi, pomanga anaika la kumanja kumanzere, la kumanzere kumanja. Vuto lake amalowa bwinobwino, mabawuti amagwirizana, paipi imafika, ukayang'ana mwachangu sungaone kanthu. Koma ka nipple kobulidira kaja, kotulutsira mpweya mu mabuleki, kamene kamayenera kukhala pamwamba kanapita pansi. Mpweya umakwera mmwamba achimwene, ndiye mungabulide mpaka dzuwa kulowa, pa nipple pazituluka fluid woyera wopanda thovu, mpweya uli phee pamwamba pa pisitoni.

Tinapopa, tinapopa, ine mwendo mpaka kuwawa, botolo lathunthu kutha, pedulo ili wofuwofu ngati ukuponda siponji. Ukapopa katatu imalimbako, ukaisiya pang'ono yabwerera pansi. Ndinamuuza kuti akulu apa sizili bwino, iye n'kuseka, akuti bwana ma pad akakhala pa disc yachilendo amatero, muyende nayo masiku awiri ikhwima yokha. Ikhwima yokha! Ndipo ine chitsiru ndinavomera chifukwa ndinali nditatopa, sabata yonse ndili pansi pa galimoto, ndimangofuna ndiione ili pamsewu.

Mawa lake ndinanyamula madam ndi mwana wathu wamng'ono kumbuyo, ndikudzitama kuti imvani mmene 1.6 ikukokera. Pa flat zonse bwino poti ndimapopa pedulo kawiri katatu ndisanaime, ndinali nditazolowera kale. Kenako tinafika potsetsereka, malo aatali ndithu okhota kumunsi, ndili mu giya 4, ndikungotuluka pa kona ndikuona lole yaima pakati pa msewu, anthu akutsitsa katundu, mbali inayo kukubwera minibasi. Ndinaponda. Pedulo inangopita mpaka pansi, phazi kugunda chitsulo, galimoto osamva n'komwe. Ndinapopa kachiwiri, kachitatu, inagwira pang'ono ngati munthu akukukoka malaya, koma lole ija ikungokula pa windscreen. Madam anakuwa dzina langa lenileni, loti sanalitchulepo chikwatirane. Ndinaponda kilatchi kuponya giya 2, injini inalira ngati iphulika, mwana kumbuyo kugunda mpando n'kuyamba kulira, dzanja lina ndakoka handibuleki, matayala a kumbuyo analoka galimoto n'kuyamba kutembenuka chammbali, ndikuona bambo wina ali ndi thumba pamutu wangoima kundiyang'ana osathawa, nkhope yake ndimaikumbukabe. Ndinangokhotetsera chiwongolero kumanzere dala, tinalowa mu ngalande, bampala kuthyoka, radiyeta yomwe ndinaimanga dzulo lake kuphulika, nthunzi ponseponse. Kuchokera pomwe tinaima kufika pa lole panali masitepe mwina asanu. Ndinatuluka miyendo ikunjenjemera, ndinakhala pansi pa udzu, kuyankhula osatha. Ikanakhala automatic sindikudziwa ngati ndikanaganiza msanga zotsitsa giya.

Ndiye kumuimbira munthu uja, poyamba anati ndi master cylinder ya galimoto yogundidwa ija, inuyo ndi amene munabweretsa katundu wakufa. Kachiwiri foni osayankha. Kachitatu yazima. Ndipo pamene ndimasonkhanitsa zotsala ndinapeza kuti sitata ndi alternator za injini yakale zasowa, zinalowa mchikwama chija. Ndalama ndinamulipira zonse, anatsala pang'ono kundiphera banja, n'kundiberanso pamwamba. Amene anapeza vuto ndi mdala wina woyandikana nafe amene anagwirapo ntchito pa malole, anangogwada, kuunika ndi tochi ya foni, n'kunena kuti mwana wanga nipple imayang'ana kumwamba. Sizinatenge ndi mphindi imodzi yomwe. Tinasinthanitsa ma caliper, kubulida kamodzi, mpweya unatuluka ngati tatsegula botolo la soda, pedulo gwa. Ndipo pa ma caliper ambiri pamakhala L ndi R, ndinachita kuona ndi maso anga titapukuta matope, zinandiwawa kwambiri.

Ndiye inuyo pangani nokha, musalole munthu wosadziwa ntchito agwire galimoto yanu. Jambulani zithunzi musanamasule chilichonse, pulagi iliyonse imateni ka tepi mulembepo, mabawuti a malo amodzi mu kapepala kawo. Injini ikadali panja sinthiranitu timing belt, water pump, seal ya kumbuyo kwa crankshaft ndi kilatchi, chifukwa mukaibwezera mkati seal yaing'onoyo idzakuchotsetsaninso giyabokosi. Osalowa pansi galimoto ili pa jeke yokha, ikani ma stand. Injini kwezani ndi chain block pa chitsulo cholimba, osati pa nthambi ya mtengo, ngakhale ine ndinakweza pa nthambi ndipo sinathyoke, koma inalira kangapo.

Mabuleki, kunena zoona ngati anu akugwira asiyeni, musasamutse chabe chifukwa enawo akuoneka atsopano. Koma ngati mwasamutsa, tengani seti yonse ya galimoto imodzi, osasakaniza, makamaka ngati ina ili ndi ma drum kumbuyo ina ma disc, chifukwa valavu yogawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo imasiyana ndipo kumbuyo kukamaloka msanga galimoto imazungulira. Master cylinder ibulideni payokha musanaimange. Mapaipi a rabala gulani atsopano, a zaka pafupifupi 30 amafufuma ukaponda. Fluid wa DOT 3 kapena DOT 4 wa mu botolo losatsegula, poti amayamwa chinyezi, DOT 5 ndi wa silicone sasakanizidwa ndi enawo, ndipo akadonthera pa penti tsukani msanga amadya. Manati a mapaipi achitsulo masulani ndi sipanala yake ija yotseguka pang'ono, wamba imawadya makona. Pobulida yambani tayala lakutali ndi master cylinder, ndipo kabotolo ka fluid ka pamwamba pa master cylinder kasaume. Pedulo ikakhala yofewa galimoto isatuluke pageti, kaya wanena ndani. Komanso nambala ya injini pa mapepala a galimoto musaiwale kukasinthitsa.

Ndipo mukamaliza pezani makaniko wodziwa ntchito aone mabulekiwo musananyamule munthu, chifukwa ine ndinali pompo tsiku lonse ndi maso anga awiri koma nipple ija sindinaione. Mwati zonse ndi manual kapena ina ndi automatic? Mukamanga ma caliper ponyani chithunzi muno tione.