Makaseti a malemu malume anu musawaike mu wailesi wamba

Achimwene, mwati mwapeza makaseti atatu m'sutikesi ya malemu malume anu ku Ndirande, ojambula bandi yawo ya rock ya m'ma 1970 yomwe sinatulutsepo chimbale, ndipo mukufunsa ngati mungangowaika mu wailesi n'kumvera. Dikirani kaye, chonde.

Ine ndinapsa nazo kale. Kaseti ya bambo anga aang'ono ndinaiika mu wailesi yobwereka, itaimba pang'ono ndinangomva gitala akulira ngati mbuzi, kutsegula, tepi yonse yatafunidwa. Ndinaikulunga ndi cholembera usiku wonse koma nyimbo yoyamba inapita basi.

Kuti bandiyo palibe akuidziwa musadabwe. Masiku amenewo wailesi inali imodzi yokha, MBC ya pa Chichiri, ndipo oimba ambiri ankajambulira komweko pa matepi akuluakulu a reel. Kuyambira 1968 kunalinso Censorship Board yosefa nyimbo, kwinaku mwamuna wosunga tsitsi lalitali akulimbana ndi apolisi. Ndiye anyamata oliza gitala wokhadzula, nyimbo imodzi yosatha, akanalowera khomo liti? Anzathu ku Zambia zinawayendera chifukwa a Kaunda analamula kuti wailesi iziimba kwambiri nyimbo zakwawo. Mabandi a kumeneko monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family anatulutsa zimbale, mwina akuimba Chinyanja chomwechi, ndipo patapita zaka kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inazitulutsanso. Kuno zambiri zinathera m'masutikesi ngati yanuyo, mwina makopewo alipo ndi anu okhawo.

Choyamba yang'anani tepiyo pawindo kukuwala. Mukaona toyera ngati ufa, ndi nkhungu imeneyo, chinyezi cha chiperoni sichisiya kanthu. Yotero musaiimbe n'komwe mpaka aione wodziwa. Onaninso kansanza kakang'ono kamene tepi imatsamira pakati paja, kamakonda kumatuka. Thyolani timano tiwiri ta pamwamba kuti wina asajambulirepo mwangozi, kenako pukusani pang'onopang'ono ndi cholembera mpaka kumapeto, mumve ngati ikumata.

Ikakhala bwino, pezani deki (makina oimbira makaseti) yabwino, mupukute mutu wake ndi kathonje konyowetsa sipiriti, muyambe mwayesera kaseti ina yopanda ntchito. Lumikizani ku kompyuta ndi waya, musunge ngati WAV, mtundu wa fayilo wosunga mawu onse osawachepetsa. Zoyandikiza foni pa sipika n'kutumiza pa WhatsApp ayi, kumeneko n'kuwononga. Jambulani mbali yonse kamodzi osaimitsa, ngakhale pamene akukangana kapena kuchuna magitala, chifukwa pamenepo mpamene amatchulana mayina.

Mayinawo mukawamva, pitani nawo kwa azakhali anu ndi madala a ku Ndirande akadali moyo. Woimba ng'oma mwina alipo, akungokhala pakhonde. Musanaziike pa YouTube kambiranani ndi mabanja a anzawo aja, za umwini mukafunse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso zina. Ndipo zolemba za pachikuto mujambule chithunzi mutiponyere muno, ena tingazindikire dzina.